Nyimbo ya chikondi kwa Achewa: amaimbira ndani, akutanthauzanji?

Achinyamata ambiri a mu Lilongwe akamakamba za nyimbo za makolo amati mulibe chikondi. Amati za pamtondo ndi madandaulo okhaokha, za chimtali n'zonyoza mwamuna waulesi, za mganda n'zodzudzula atsikana onyada, ndipo pamene wokondedwa watchulidwa, nkhani yake imakhala ya nsalu, sopo ndi mchere. Ena amafika ponena kuti agogo athu sankadziwa kukonda, ankangodziwa kukwatiwa ndi kupirira. Ine zimenezi ndimakana. Chikondi chilimo, chambiri ndithu, koma sichidaikidwe pamene khutu lozolowera nyimbo za pa wailesi limakachifuna.

Nyimbo ya chikondi ya masiku ano ndi ya anthu awiri, woimba ndi amene akumukonda, enafe timangomvera nawo. Ya kumudzi siyenda choncho. Imaimbidwa pagulu, mmodzi amayambitsa ena n'kumavomera, ndipo kawirikawiri amene akufunika kumva si wokondedwayo yekha. Pali apongozi akhala pakhonde akutong'ola chimanga, pali mlamu akudutsa ndi mtolo wa nkhuni, pali mkazi mnzake wa pamitala, pali ankhoswe amene mwina mawa adzaitanidwa. Kuti mumve chimene nyimbo ikunena muyenera kudziwa amene akuimba, pamene waima, ndi amene ali pafupi moti mawuwo angamufike. Mukachotsa anthu amenewa n'kutsala ndi mawu okha, mwatsala ndi kachigawo kochepa ka nyimboyo.

Chifukwa chake chili m'mene ukwati wa Achewa udakhalira. Ana amatsata kuchikazi. Mkazi, ana ake ndi abale ake aakazi ndi mbumba ya mlongo wawo kapena atsibweni awo, ndipo ameneyo ndiye amaimira banjalo pa mlandu uliwonse. Mnyamata akapeza mbeta sadzilankhulira yekha, amapita ndi atsibweni ake kukaonana ndi atsibweni a mtsikana, ndipo mbali ziwirizo zimasankha ankhoswe. Mwambo wodziwika kwambiri udali chikamwini: mwamuna kusiya kwawo, kukamanga nyumba kwa mkazi, kulima munda wa apongozi, kuonetsa kuti ndi munthu wodalirika. Patapita nthawi ankatha kupempha chitengwa, kuti atenge mkazi kupita naye kwawo. M'midzi yambiri yozungulira Lilongwe chitengwa chafala kwambiri masiku ano. Koma kaya ndi chikamwini kaya chitengwa, m'banja lililonse mumakhala mmodzi amene ndi mlendo pamudzipo, wozunguliridwa ndi abale a mnzake.

Ndiye onjezanipo ulemu. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi ankapewana, akakumana panjira wina ankapatukira kutchire. Mtengwa sakanayankha amake a mwamuna wake maso ndi maso. Mwamuna ndi mkazi wake sankatchulana maina, ankati bambo a uje, make uje, ndipo kugwirana manja pagulu kudali kosayenera. Njira zolankhulira za kumtima zidali zochepa kwambiri. Imodzi yokha ndiyo idali yotsegukira aliyense, ngakhale mtengwa wobwera dzulo, ndiyo nyimbo. Chimene munthu sakananena ndi pakamwa pawamba ankatha kuchiimba, ndipo kumuzenga mlandu kudali kovuta chifukwa sadatchule dzina la munthu. Wodandaula kuti waimbidwa ndiye ankadziulula yekha. Enoch Timpunza Mvula, mmodzi mwa Amalawi amene adafufuza mozama nyimbo za amayi, adaonetsa kuti nyimbo za pamtondo zidali njira imene amayi ankakonzera ndi kulimbana ndi mavuto a m'banja, osati kungopepusa ntchito.

Pamtondo ndiye pachimake pa nkhaniyi. Kukonola chimanga ndi ntchito yowawa, ndipo amayi ankaigwira awiri kapena atatu, minsi ikulowa mosinthana, kugunda kwake kukhala ng'oma ya nyimbo. Mtondo unkaima poyera, phokoso lake linkamveka mudzi wonse. Tiyerekeze mayi wina wa kwa Chadza amene mwamuna wake wayamba kubwera usiku. Iye ayamba kuimba za tambala amene masiku ano akukalira pa khola la eni, anzake awiri n'kumavomera. Ana akusewera pafupi amva nkhani ya nkhuku, basi. Mkazi amene akuganiziridwayo, ngati ali pamudzi pomwepo, adziwa kuti zadziwika. Abale a mwamuna amva kuti mwana wawo akuwachititsa manyazi, ndipo madzulo wina amuitanira kuseri. Anzake ovomerawo asanduka mboni, tsiku lokhala pansi ndi ankhoswe palibe anganene kuti nkhaniyi ndi yatsopano. Mwamunayo nayenso wamva zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuti mkazi wake wakwiya, ndiponso kuti sadamutchule dzina, wamusiyira mpata wobwerera mutu uli mmwamba.

Apa ndi pamene ndimaona chikondi. Pa chikamwini, kuthetsa banja sikudali kovuta kwa mkazi monga ena amaganizira. Munda ndi wa kwawo, ana ndi a kwawo, alongo ake ali pomwepo. Mkazi amene watopa kotheratu ankaitanitsa ankhoswe, mkamwini n'kulongedza tikatundu take kubwerera kwawo. Amene akuimbabe pamtondo ndi amene akulifunabe banjalo. Dandaulo lakelo ndi kuitana. Sindikunena kuti nyimbo iliyonse ya pamtondo ndi ya chikondi, zina ndi mkwiyo weniweni, zina ndi nthabwala chabe, zina n'zolira amayi amene adamwalira. Koma zambiri zimene timazitcha zodandaula zimachokera kwa munthu amene mtima wake udakali pa mnzakeyo.

Tsono za nsalu ndi sopo zija. Wachinyamata akamva mkazi akuimba kuti mwamuna wake sadamugulire nsalu, amati agogo ankakonda chuma. Koma pa mwambo wathu kuveka mkazi udali udindo weniweni wa mwamuna, pamodzi ndi kumanga nyumba, kumanga nkhokwe ndi kuswa mphanje. Kulephera kumuveka idali nkhani yoti n'kufika kwa ankhoswe. Ndipo nsalu sivalidwa m'nyumba mokha. Imaoneka ku chitsime, ku tchalitchi, kumaliro, makamaka pabwalo la chimtali pamene amayi amazungulira ng'oma aliyense akuonedwa ndi mudzi wonse. Mkazi wopempha nsalu m'nyimbo akupempha kuti anthu aone kuti ali ndi womusamala. Mwamunanso akamaimba zoyamikira mkazi sakamba za maso ake kapena kumwetulira kwake, amakamba za madzi osamba otentha, nsima yofika nthawi yake, ndiwo zotendera bwino, kulandira alendo ake mwaulemu. Chikondi chinkayezedwa ndi zochita zooneka, choncho m'nyimbo chimabwera chitavala maina a zinthu.

Zinthu zina n'zozama kuposa pamenepa. Mikanda ya m'chiuno amaiona mwamuna yekha, choncho nyimbo ikatchula mikanda yalowa kale kuchipinda popanda kunena mawu olaula. Mphasa chimodzimodzi: kuyala, kupinda, kugona chofulatira, mphasa yozizira, zonsezi wamkulu amamva msanga. Mchere ndiye wolemera kwambiri. Achewa ali ndi chikhulupiriro cha mdulo kapena kuti tsempho, chakuti munthu amene wachita za m'nyumba pa nthawi yoletsedwa, kapena wayenda kunja kwa banja, angathe kudwalitsa mkazi wake woyembekezera, mwana wakhanda kapena ena a pabanjapo, ndipo mchere wa m'ndiwo umakhudzidwa kwambiri ndi malamulo amenewa. N'chifukwa chake mkazi akakhala kumwezi ankatuma mwana kuti athire mchere. Azachipatala amatiuza kuti kutupa ndi kuonda kumene ankati tsempho nthawi zambiri ndi kunyentchera kapena matenda ena ochizika, ndipo mwana wotere ayenera kupita naye kuchipatala msanga. Koma pofuna kumva nyimbo, chikhulupirirochi muyenera kuchidziwa. Funso lakuti wathira mchere ndani, likamveka m'nyimbo, likhoza kukhala funso la kukhulupirika, ngakhale la moyo wa mwana.

Gulu lalikulu la nyimbo za chikondi lidabadwa ndi ulendo. Atsamunda atayambitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, amuna adayamba kufuna ndalama kutali. Ambiri ankapita ku Halale, m'mafamu ndi m'migodi ya Southern Rhodesia, ena ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya m'migodi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya South Africa. Mu April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu. Ntchitoyi idayambanso mu 1977 pansi pa Theba, dzina latsopano la bungwe lomwelo, n'kudzatha mu 1988. Zaka zonsezi zidasiya m'nyimbo kalata, sitima, ndege, sutikesi, bulangete ndi njinga, komanso munthu woopedwa kwambiri ndi mkazi aliyense, mtchona, amene adapita osabwerako osalembanso kalata.

Nyimbo ya mkazi wa mtchona imamveka ngati kulira kwa munthu wosowa mnzake, ndipo ndi kuliradi. Koma ilinso ndi funso lolunjika kwa akuluakulu. Mkaziyu si mbeta, sangakwatiwe. Si wamasiye, maliro sadalire. Akulima yekha, denga likudontha, zaka zake zobereka zikupita. Akamaimba za kalata imene sikubwera, akufunsa abale a mwamunayo ndi ankhoswe kuti adikire mpaka liti, kuti amumasule kapena amuitanitse munthu wawo. Mawu omwewo akaimba mkazi amene mwamuna wake adachoka mwezi watha, ndi chikondi chokhachokha. Akaimba amene wadikira zaka zisanu ndi ziwiri, ndi mlandu umene ukuyamba.

Kuno ku chigwa cha Lilongwe kudali chinthu china chimene chidasunga amuna ena pakhomo, fodya. A. F. Barron, wa esiteti ya Mbabzi, ndi mnzake R. W. Wallace, azungu olima fodya, adafalitsa ulimi wa fodya wochiza ndi utsi m'midzi ya kuno m'zaka za m'ma 1920. Fodya adabweretsa mtundu wake wa madandaulo: mkazi amafesa nawo nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka, koma ndalama ikabwera imalowa m'thumba la mwamuna, ndipo nyengo yogulitsa ndi imene amuna ena amasowa pakhomo kapena kutenga mkazi wachiwiri. Mpaka lero msika wa ku Kanengo ukatsegulidwa, nkhani zotere zimamveka ku Mitundu, ku Nsaru, ku Kasiya. Ulendo wa ku Joni nawo sudathe, wangosintha kukhala wa pa basi, ndipo kalata yasanduka uthenga wa pa WhatsApp umene wawerengedwa koma osayankhidwa.

Palinso nyimbo za munthu ali yekha, ndipo zimenezi ndizo zimayandikira chimene achinyamata amachitcha nyimbo ya chikondi. Atsikana ndi amayi ankaimba mkangala, uta wa bango wa chingwe chimodzi umene amaugwiriza pakamwa, umene udabwera ndi Angoni. Kulira kwake n'kwapansipansi, amene ali patali samva, ndi choimbira cha munthu wosungulumwa. Amuna adali ndi bangwe ndi kaligo. Pa zoimbira izi mwamuna amalira umphawi umene wamukanitsa kwa makolo a mtsikana, kapena kusungulumwa kwa mkamwini amene madzulo alibe mbale woti acheze naye.

Mukamvetsera bwino mudzaona kuti mawu ofatsa kwambiri m'nyimbo za ukwati nthawi zambiri sapita kwa mwamuna kapena mkazi, amapita kwa amayi ndi kwa alongo. Akulu adati chibale ndi fupa sichiola, kusonyeza kuti ukwati ukhoza kutha koma ubale ayi. Mkazi akafuula kuti alongo anga pakati pa nyimbo yodandaula za banja, sikuti wangokumbuka kwawo. Akuitana munthu amene ali ndi mphamvu yolowerera. Mphamvu ya udindo umenewu Kamuzu adaidziwa bwino, n'chifukwa chake adadzitcha Nkhoswe ya amayi onse a m'Malawi ndipo iwo adawatcha mbumba yake. Magule a amayi, kuphatikizapo chimtali, adakokeredwa ku misonkhano ya chipani, mayimbidwe akale n'kuvekedwa mawu andale, moti anthu ena lero amadziwa mawu andalewo osadziwa kuti pansi pake padali nyimbo ina.

Za anyamata ndi atsikana n'zopepuka. Chitelera chinkavinidwa usiku wa mwezi, makamaka zokolola zitalowa m'nkhokwe, atsikana akuomba m'manja, anyamata ataima chapatali. Kuseka mnyamata m'nyimbo, mayendedwe ake kapena kabudula wake wong'ambika, nthawi zina kudali kumuuza kuti waonedwa, ndipo pakati pa asuweni kunyozana kotere kudali kololedwa, mwinanso n'kuthera mu ukwati. Anyamata a mganda, atavala zoyera, badza, lipenga la chikho, lili pakamwa, ankayenda kukavina m'midzi ina, ndipo maukwati ambiri adayambira pa maulendo amenewo. Nyimbo zawo zochenjeza za mtsikana wokongola, zija za mtundu wa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, kawirikawiri zimachokera kwa amene adafunsira n'kukanidwa.

Pali chigawo china chimene sindingachitambasule pano, ndipo n'koyenera kutero. Ku chinamwali, komanso pa chilangizo cha usiku wa ukwati, anamkungwi amaphunzitsa ndi nyimbo zimene tanthauzo lake limamasulidwa kwa olangizidwa okha. Zining'a zambiri za m'nyimbo za poyera zidachokera kumeneko, kotero kuti nyimbo imodzi imamveka mosiyana kwa mwana, kwa namwali ndi kwa ntchembere, onse ali pabwalo limodzi. Gule Wamkulu, amene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, idamulemekeza mu 2005, alinso ndi mbali yake: zilombo zotchedwa Chadzunda ndi mkazi wake Maliya zikatuluka, nyimbo ndi mavinidwe awo zimakamba za m'banja mosabisa kwenikweni, zinthu zimene munthu wamba sakananena pamaso pa apongozi ake.

Nanga zidatani kuti ife tisiye kumva zonsezi? Mbali ina ndi kujambula. Hugh Tracey adayenda mu Nyasaland mu 1950 ndi mu 1958 akujambula nyimbo za m'midzi, ndipo zimene adajambula zikusungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University, ku South Africa. Tiyenera kuyamika, chifukwa popanda ntchito imeneyo mawu a anthu ambiri akadapita nawo kumanda. MBC nayo idasonkhanitsa chuma chambiri kudzera m'pologalamu ya Nyimbo za m'Maboma. Koma makina amatenga mawu ndi mayimbidwe, satenga apongozi amene adali pakhonde. Nyimbo yoimbidwa pamaso pa mlendo wonyamula maikolofoni, n'kulembedwa pa chikuto kuti ndi yosinjira kapena ya chikondi, yasiyana kale ndi munthu amene idamulunjika.

Mbali ina ndi chigayo, chimene chidapepusa misana ya amayi, ndipo palibe angafune kuti tibwerere, koma chidachotsa malo amene amayi ankakumana tsiku ndi tsiku ndi ufulu woimba. Kenako tauni. Kuyambira 1975 pamene Lilongwe idakhala likulu, anthu adadzaza Kawale, Chinsapo, Area 25, Mtandire, Kauma, m'nyumba za lendi momwe woyandikana naye ndi Mtumbuka, Myao kapena Mlomwe amene sadziwa kwanu, sadziwa atsibweni anu. Chining'a chimagwira ntchito pokhapokha omvera akudziwa nkhani ya woimbayo. Komabe chizolowezicho sichidafe. Mayi amene amakweza nyimbo inayake pa sipika nthawi imene mwamuna wake akulowa pageti, kapena mtsikana amene waika nyimbo pa status kuti munthu mmodzi aione pakati pa anthu mazana, akuchita zomwe agogo ankachita ndi munsi. Pa chinkhoswe cha mu holo, tambala ndi msoti zikamasinthana manja, DJ akangozimitsa zoimbira pang'ono, amayi achikulire amayambitsa zawo zakale, ndipo mudzaona kuti amene akuseka kwambiri ndi anzawo a msinkhu womwewo.

Sindikufuna kuti tizikometse zonse. Pakati pa nyimbo za chilangizo pali zina zimene zimauza mkazi kuti banja ndi kupirira ngakhale akumenyedwa, kuti za m'nyumba sanena kunja. Zina zinkaimbidwira atsikana amene lero tikuwadziwa kuti ndi ana. Lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zidaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatira, ndipo kuyambira 2006 tili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja. Alangizi amene amasiya nyimbo zoterezo akuchita bwino. Tizindikirenso kuti nyimbo yodandaula ija inkathandiza chifukwa padali wina woyankha, mlongo ali nyumba yachitatu, ankhoswe ali tsidya la dambo. Mayi wa ku Mtandire amene atsibweni ake ali ku Nkhoma kapena ku Joni angaimbe tsiku lonse popanda womva amene ali ndi mphamvu yolowerera. Ngati akumenyedwa, malo ake opita ndi kwa amfumu a m'dera, ku Victim Support Unit ya apolisi kapena ku khoti, ndipo anzake amene kale akadamuvomera nyimbo ndiwo ayenera kumuperekeza.